A Matewere ndi Keke ya Pasika

Tsiku lomwe tinkaika maliro a a Matewere ku Lang'ata, mu Nairobi muno, mwezi wa Febuluwale chaka chino, mayi wina amene anaima pafupi nane anandinong'oneza kuti mkuluyo akanakhala moyo, bokosilo akanayamba aligogoda kaye mbali zonse zinayi, n'kufunsa kalipentala kumene anagula matabwawo. Ndinaseka pamanda, Mulungu andikhululukire. Ndinabisa nkhope m'chitenje kuti anthu aziyesa ndikulira, ndipo posakhalitsa ndinapezeka kuti ndikuliradi.

Sindinaonepo munthu wokayikira zinthu ngati iwo. Ukawapatsa moni, ankayamba akuyang'ana kaye m'manja ngati wabisa kanthu, kenako n'kuyankha. Dzira lililonse ankaliswera palokha m'kapu yagalasi n'kuliunika powala lisanakumane ndi anzake, kuopa kadontho ka magazi. Mpunga ankauthira pathileyi n'kumausankha ngati akufunafuna ndolo yotayika. Ngakhale mchere wa m'paketi yosatsegula ankaununkhiza. Ankakonda kunena kuti pepala silichita manyazi, munthu akhoza kulembapo chilichonse n'kukagona tulo tabwinobwino.

Anali khukhi. Kwawo kunali ku Thyolo, koma ntchito anakayambira ku Limbe ali ndi tsitsi lakuda bii, m'nyumba ya banja lina la Chiyuda limene linkagulitsa nsalu. Banjalo litasamukira ku Nairobi, linawatenga. Bwana anamwalira, ana anakula n'kubalalikira kunja, ndipo m'chinyumba cha ku Karen munatsala anthu awiri okha: mayi wamasiye Rute, amene a Matewere ankawatchula kuti Adona mpaka tsiku lawo lomaliza, ndi a Matewere eniakewo. Akakhala awiriwo ankalankhulana Chichewa cha ku Limbe cha makedzana, chimene ngakhale ku Limbeko masiku ano simungachimve.

Ine ndinawadziwira ku mapemphero a Amalawi, amene timachita kamodzi pamwezi m'nyumba ina ku Pangani. Ankabwera pa matatu ziwiri, maminibasi a kuno, kuchokera ku Karen, atavala jekete yabulauni, supuni yawoyawo ili m'thumba. Tsiku loyamba ndinapita ndi mphika wa nkhuku umene ndinaunyadira ndekha. Iwo anavundukula, anayang'ana, anavundikiranso.

"A Nabanda, nkhukuyi munaiona ikuphedwa, kapena munangoipeza itafa kale?"

"Ndi ya m'shopu, agogo."

"Ohoo."

Anatenga mpunga wokha, naonso atauunika. "Ohoo" ameneyo anandikhala pamtima mwezi wathunthu, ndipo ndinauza anzanga kuti nkhalambayo ndi yamwano. Anzangawo anangoti ndizolowera, iwo onse anadutsamo.

Ndi mkulu wathu wa mapempherowo, a Jere, anakangana kangapo. A Jere ankati munthu wobatizidwa alibe chifukwa chosungira malamulo a zakudya a anthu ena, ndipo tsiku lina anafika powafunsa pagulu ngati sanasanduke Myuda mwakabisira. A Matewere sanakweze mawu. Anati iwo ndi Mkhristu kuyambira ubatizo wa ku Thyolo, nkhumba akafika kwawo amadya, koma khitchini ya ku Karen si yawo. Anati mayi uja chakudya akachiona patebulo amangodalitsa n'kudya, safunsa, chifukwa anapereka funsolo kwa iwo kalekale. Munthu akakusungitsa chikumbumtima chake, anatero, sumachisunga momwe ukufunira iweyo. A Jere anati amenewo ndi makani chabe. Anakhala miyezi iwiri akupatsana moni wa m'mphuno.

Malamulowo Ayuda amawatcha kosha, ndipo a Matewere ankawadziwa kuposa ana a m'nyumbamo. Nyama ndi mkaka sizikumana, ngakhale mbale zake, mipeni yake ndi nsalu zopukutira. Zanyama anazimanga ulusi wofiira, zamkaka wabuluu. Miriamu, mwana wamkazi wa Adona, atabwera kutchuthi chaka china anagula makina otsukira mbale kuti mkuluyo apumuleko. A Matewere anafunsa funso limodzi lokha, lakuti madzi a mbale zofiira ndi a mbale zabuluu amasiyanira pati m'katimo. Miriamu anafotokoza, anawerenga kabuku, anatsala pang'ono kulira. Makinawo anakhala zaka zambiri osalumikizidwa, akusungiramo anyezi.

Koma ntchito yeniyeni inkabwera pa Pasika ya Ayuda. Masiku asanu ndi atatu amenewo m'nyumba simuyenera kupezeka buledi, bisiketi, ufa wa tirigu kapena chilichonse chokhala ndi chotupitsa, ngakhale kanyenyeswa. A Matewere ankayamba kusesa kudakali milungu itatu. Ankatembenuza matumba a majekete, kukutumula mabuku, kutsitsa mbale zapadera zimene chaka chonse zinkagona pashelefu yapamwamba. Pamapeto pake ankaphika keke ya Pasika: mazira khumi ndi awiri, shuga, ndimu, mtedza wa amondi wosinja ndi ufa wa mbatatesi. Batala ayi, chifukwa chakudya cha tsikulo chimakhala cha nyama. Anthu amene anailawa amati inali yolemera ndi youmirira pang'ono, yofuna tiyi pambali, koma palibe anayerekeza kunena zimenezo iwo akumva.

Ndiye mukhoza kuona mmene ndinadabwira zaka zinayi zapitazo, m'mawa wa tsiku limene Pasika inkayamba dzuwa likalowa, foni yanga italira.

"A Nabanda, galimoto yanu ija idakali moyo?"

"Ilipo, agogo. Kwagwanji?"

"Mundiperekeze m'mashopu. Ndikufuna keke yogula."

Ndinachotsa foni kukhutu n'kuyang'ana dzina kuti nditsimikize. Munthu wonunkhiza mchere akagule keke yophika munthu wosamudziwa? Njira yonse kuchokera ku Syokimau ndinkangoganiza zoipa. Mwina ayambana ndi Adona ndipo akunyanyala. Mwina ana a kunja aja akufuna kuwachotsa ntchito. Mwinanso akungofuna kundiyesa, kuti akanene ku Pangani kuti a Nabanda sadziwa kusiyanitsa keke ndi chigumu. Kukayikira kumapatsirana, ukakhala nawo pafupi anthu oterowo. Komabe ndinapempha kuntchito kuti ndichokeko theka la tsiku, poganiza kuti pofika masana ndikhala nditabwerera.

Ndinawapeza ataima kunja kwa geti, chipewa kumutu.

"Galimotoyi isalowe," anatero ndisanazimitse n'komwe. "Ana anu amadyeramo mabisiketi. M'katimu tasesa kale."

Tinayambira pa bekale ina ya ku Karen komweko, ya magalasi owala ndi fungo lokoma. Mtsikana wogulitsa anatilandira ndi nsangala, ndipo atamva kuti tikufuna keke yopanda ufa wa tirigu anatulutsa yakuda ya chokoleti.

"Hii ni gluten free, mzee. Haina unga kabisa."

A Matewere sanaikhudze. Anafunsa m'Chiswahili chawo chopindika kuti inaphikidwa mu uvuni uti. Mtsikanayo anati uvuni ndi umodzi. Anafunsa kuti mu uvunimo munali chiyani m'mawa. Anati buledi. Anafunsa za thileyi, za mpeni, za batala. Mtsikanayo anandiyang'ana ine ngati akupempha thandizo, ine ndinayang'ana kudenga. Potuluka a Matewere anapunthwa pa sitepe, ndipo anadzudzula amisiri a masiku ano kuti samanga zinthu molingana.

Pa shopu yaikulu ya mumsewu wa Ngong anatiitanira manijala, bambo wa tayi ndi mawu okoma. Iye anati kosha ndi halal ndi chimodzimodzi, Asilamu onse amagula keke zake popanda dandaulo.

"Ni sawa tu, mzee, usijali."

"Mwamva, a Nabanda?" anatero a Matewere m'Chichewa, akumwetulira manijalayo. "Munthu akati usadandaule, m'pamene uyenera kuyamba kudandaula. Tiyeni."

Ku Westlands tinalowa mwa mmwenye wina amene keke zake zinalibe mazira, zinalibe nyama, zinalibe chilichonse cholakwa kupatula ufa wa tirigu weniweniwo. Tinalowanso mwina muwiri. Kulikonse nkhani inali yomweyo: wogulitsa kulumbira, a Matewere kufunsa, ine kupepesa. Dzuwa linapendeka. Sindinadye kanthu chichokereni kunyumba, kuntchito anali ataimba kawiri, ndipo ndinkadziwa mmene msewu wa Mombasa umadzadzira ikangokwana folo. Mumtima ndinali nditayamba kuwatukwana mwaulemu.

Shopu yomaliza inali yaing'ono, ya zakudya zochokera kunja. Mwini wake atamva mawu akuti kosha anadumpha, anakwera pampando, n'kutsitsa bokosi lachikasu la keke ya uchi. Anati Ayuda onse a mu Nairobi amagula imeneyi. Anatilozera kachizindikiro pakona pa bokosilo.

Apa m'pamene a Matewere anatulutsa chida chawo. Kanali kachidutswa ka katoni kokutidwa m'pulasitiki, kamene anadula zaka zambiri zapitazo pa bokosi la matsa, mkate wopyapyala wopanda chotupitsa umene Ayuda amadya pa Pasika. Chiheberi sankatha kuwerenga, koma pakachidutswapo panali mawu osonyeza kuti chakudya ndi chololedwa pa Pasika, ndipo iwo ankangofananiza maonekedwe ake ndi a pa chinthu chilichonse chobwera m'nyumbamo nyengo imeneyo. Chakudya chikhoza kukhala kosha chaka chonse koma chosaloledwa masiku asanu ndi atatu amenewo.

Anatenga bokosi lija. Analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, anapita nalo pakhomo pamene panali kuwala. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anabwerera n'kundipatsa zonse ziwiri, bokosi ndi kachidutswa.

"Magalasi ndaiwala kunyumba. Taonani inu, a Nabanda."

Ndikanakhala munthu woganiza ndikanakumbukira kuti sindinawaonepo atavala magalasi. Koma ine ndinali ndi njala. Ndinayang'ana. Kachizindikiro ka kosha kanalipodi, koma mawu a pakachidutswa aja panalibe paliponse. Nditatembenuza bokosilo, pa mndandanda wa zimene anaphikira, chinthu choyamba chinali ufa wa tirigu, cholembedwa m'Chingerezi choti ngakhale mwana wa sitandade fayifi akhoza kuwerenga.

Ndinadziuza kuti Mulungu sangakanthe Adona, nkhalamba ya pa njinga ya olumala, chifukwa cha kachidutswa ka keke. Ndinadziuza kuti palibe adzadziwe. Ndinadziuzanso kuti munthu amene anakana nkhuku yanga sangandiphe ndi njala tsiku lonse.

"Zafanana, agogo."

"Mwaonetsetsa?"

"Ndaonetsetsa."

Sanafunsenso. Zimenezo n'zimene zinandidabwitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Munthu amene anapanikiza mtsikana wa pa bekale ndi mafunso asanu, kwa ine anafunsa limodzi lokha.

Pobwerera tinakodwa mu jamu ya magalimoto. A Matewere anakhazika bokosilo pamaondo, manja onse awiri pamwamba pake ngati anyamula mwana wakhanda, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Sindinawaonepo omasuka choncho. Titaima penapake osasuntha, analeka kuimba.

"A Nabanda, ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Magalasi ndilibe. Maso angawa anayamba kuchita nkhungu chaka chatha. Nkhope yanuyi ndikuiona ngati muli kuseri kwa katani."

Ndinagwiritsa chiwongolero.

Anandiuza kuti Pasika ya chaka chathacho anapita okha kukagula ufa wa mbatatesi pa shopu imene ankagulapo nthawi zonse. Anatenga paketi yoyera pamalo pamene inkakhala nthawi zonse, anaiyang'ana monga mwa masiku onse, anaona zimene ankayembekezera kuona. Keke inatuluka mu uvuni itafufuma bwino, yofewa, yopepuka. Alendo anayamikira, ena anapempha yachiwiri. Kuyamikirako n'kumene kunawasowetsa mtendere, chifukwa keke yawo anaidziwa. M'mawa mwake anatenga paketi ija n'kupita nayo kwa bambo wosamalira maluwa kuti awawerengere. Unali ufa wa tirigu wophikira keke, wothiramo kale chotupitsa.

"Ndinadyetsa Adona chotupitsa pa Pasika, ine Matewere, ndi manja angawa. Ndi alendo awo omwe. Chaka chathunthu ndakhala ndikuwapatsa tiyi m'mawa uliwonse, pakamwa pali gwa. Ndikanena kuti maso apita, ana aja anditumiza ku Thyolo, kumene ngakhale manda a mayi anga sindingawaloze. Ndiye ndinati chaka chino manja anga asakhudze. Ndigule yotseka kale, wina andionere."

Galimoto za kutsogolo zinasuntha pang'ono, ine ndinatsatira.

"Zaka makumi anayi ndi mphambu sindinaikepo chinthu patebulo lija chimene sindinachione ndekha. Lero ndaonera maso anu. Zikomo, mwana wanga."

Sanandiitanepo choncho. Ndikanakonda akanandimenya mbama. Kuchokera pamenepo mpaka ku Karen sindinalankhule, ndinkangowerengera mitengo ya m'mbali mwa msewu n'kumadziuza kuti ndinena tikafika pa mtengo uwo, ayi pa winawo. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, koma manyaziwo ndi amenenso ankanditseka pakamwa.

Tinafika pageti dzuwa litatsala pang'ono kubisala kuseri kwa mitengo. Anatsegula chitseko, anatulutsa mwendo umodzi, bokosi lili m'khwapa. Ndinawagwira jekete.

"Agogo, kekeyo isalowe. Ndakunamizani."

Anakhala choncho, mwendo umodzi kunja, wina m'kati. Kenako anaubweza pang'onopang'ono n'kutseka chitseko.

"Mawu aja palibe?"

"Palibe."

"Muli tirigu?"

"Ndi woyamba pa mndandanda."

"Munamuona tili m'shopu muja?"

"Ndinamuona."

"Ohoo."

Ndinadikira kuti akalipe, koma sanatero. Anaika bokosilo kumpando wakumbuyo, n'kunena kuti ana anga akadya. Ankangoyang'ana geti limene mwina sankaliona n'komwe. Mlonda anatisuzumira kawiri. Pomaliza anapumira m'mwamba.

"Inu bodza lanu lakhala maola awiri. Langa latha chaka. Tsikani, mudzikutumule bwinobwino, mundigwire mkono. Pakhonde pali sitepe imene imandizunza."

Aka kanali koyamba kulowa m'nyumbamo. Adona tinawapeza pakhonde pa njinga yawo, mayi wamng'ono thupi, wa tsitsi loyera ndi maso akuthwa, atafunda shawelo m'miyendo. M'chipinda chodyera mayi wina waganyu ankayala mbale. A Matewere anavula chipewa, anaima chilili ngati mwana wa sukulu pamaso pa ahedi. Ine ndinatsalira pamzati, ndikufuna nthaka itandimeza.

"Adona, chaka chino keke kulibe."

"Chabwino, Matewere."

"Sindinathe. Keke ya chaka chatha ija munali tirigu. Ndinalakwitsa paketi. Ndinadziwa m'mawa mwake, ndipo sindinanene."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako pakona pa milomo yawo panagwedezeka.

"Matewere, zaka zonsezi keke yanu ya Pasika sinakomepo ngati ija. Ndinangoluma kamodzi, ndinadziwa."

"Ndiye munadyeranji?"

"Sindinadye. Ndinaika foloko pansi, mbale inabwerera kukhitchini momwe inabwerera. Munainyamula ndinu, ndipo simunaone. Inu, amene mumandiwerengera nandolo zotsala m'mbale. Ndi pamene ndinadziwa kuti maso anu akupita."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinkadikira kuti munene nokha. Mwachedwa."

A Matewere anafunsa ndi mawu otsika ngati ayambe kulongedza katundu. Adona anati asayankhule zopusa pa tsiku la chikondwerero, m'firiji muli mango ndi chinanazi, akadule zimenezo, ndipo ngati mpeni sakuuona bwino mayi waganyu uja awathandize. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti mlendoyu ndi ndani. A Matewere anati ndi a Nabanda, a kwathu, amene anawayendetsa lero. Sanawonjezere kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Keke ya uchi ija ana anga anaimaliza tsiku lomwelo, akunyambita zala. Ine sindinailawe.

Musaganize kuti zitatero mkuluyo anasanduka munthu wina. Adona anawatumiza kwa dokotala wa maso, iwo anabwerako akunena kuti munthu amene akufuna kukugoneka kaye asanakugwire ali ndi chimene akubisa. Opaleshoni anaikana mpaka imfa. Anapitiriza kulamulira khitchini ndi mphuno, zala ndi makutu, mayi waganyu uja atalembedwa ntchito yokhazikika kuti aziwawerengera mapaketi, ndipo naye ankamuwerengetsa kawiri.

Keke yogula inadzapezeka chaka chotsatira, kudzera mwa amayi a ku sunagoge amene amaitanitsa zakudya za Pasika kuchokera kunja nthawi idakalipo. A Matewere anandiimbiranso foni kuti ndiwaperekeze kukatenga. Ndinasangalala, ndinati basi andikhululukira. Titafika pageti anandipatsa bokosi ndi kachidutswa kaja. Ndinayang'ana mosamala ngati mayeso, ndinati zafanana, ndipo ulendo uno zinali zoona. Iwo anagwedeza mutu, n'kukodola mlonda, bambo wachikulire wa ku Kakamega.

"Mzee, hebu nawe angalia."

Ine ndili pomwepo! Mlondayo anafananiza, anavomereza, ndipo m'pamene keke inalowa. Anachita zimenezo zaka zitatu zotsatizana, osaphonya, osapepesa. Zinkandipweteka chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse ndinkadziwa kuti ndinaziputa ndekha. Koma foni ankaimbira ine, osati wina, ngakhale ku Pangani kuli anthu ambiri a galimoto zabwino kuposa yanga. Kekeyo atailawa koyamba anati ikufanana ndi siponji yotsukira mbale, ndipo anaoneka okhutira kwambiri, chifukwa keke ya Pasika yokoma anali atasiya kuikhulupirira.

Anadwala masiku ochepa chabe. Nditapita kukawaona kuchipatala ndinawapeza akufunsa namwino dzina la mankhwala alionse ndi kumene anapangidwa. Ine anandifunsa ngati galimoto ndinaikonzetsa mabuleki, chifukwa ulendo watha anamva kulira kumene sanakukonde. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza.

Pasika ya chaka chino Miriamu anabwera kudzakhala ndi mayi ake, ndipo anandiitana ku chakudya cha masana cha tsiku lachiwiri. Anati payenera kukhala munthu wa kwawo kwa a Matewere. Keke anabwera nayo yekha m'sutikesi, yotseka bwino, ya kushopu ya Ayuda ya kumene amakhala. Ndinafika msanga, ndinalowa kukhitchini, ndipo mayi waganyu atapotoloka ndinatenga bokosilo n'kuliyang'ana kutsogolo, kumbuyo ndi pansi, katatu konse. Zonse zinali m'malo mwake.

Adona tsopano atha. Nawonso maso awo achita nkhungu, ndipo amadya pang'ono ngati mbalame. Tinadya nyama, tinadya matsa, anthu anacheza. Kenako Miriamu anadula keke n'kuika kachidutswa patsogolo pa mayi ake, n'kuwagwiritsa foloko. Mayiyo sanadalitse. Anatembenuzira nkhope ku khomo la kukhitchini.

"Ndani waiona?"

Anafunsa m'Chichewa, chinenero chimene patebulopo tinkachimva ndi ine ndi Miriamu basi. Miriamu anathamangira bokosi, anawerenga mokweza zonse zolembedwapo, dzina la shopu, chizindikiro, mawu a Chiheberi.

"Sindinafunse zimenezo," anatero Adona.

Ndikanatha kunena kuti ndaiona ine, katatu, ndipo ili bwino. Zikanakhala zoona. Ndinatsegula pakamwa, koma mawuwo anakana kutuluka, chifukwa ndinawanenapo kale kamodzi kwa munthu amene anawakhulupirira.

Tonse tinapezeka tikuyang'ana kumene ankayang'ana mayiyo. Ndi khomo wamba, lopanda chitseko, pakati pa chipinda chodyera ndi khitchini. Miriamu anandiuza pambuyo pake kuti a Matewere ankaima pamenepo anthu akamadya, nsalu paphewa, kuyambira iye ali mwana. Pa felemu ya kumanzere, pa msinkhu wa phewa la munthu wamfupi, penti inaperepeseka mpaka thabwa likuonekera, losalala ndi lakuda. Pansi pake simenti inachita kadzenje kosaya. Kuseri kwake kunkaoneka sinki, ndi mpopi ukudontha.

Adona anadikira pang'ono, nkhope ili komweko. Kenako anaika foloko pansi. Mayi waganyu anabwera, anatenga mbale ija ndi keke yake yosakhudzidwa, n'kudutsa nayo pakhomopo, ndipo panalibe womuimitsa kuti aone chimene chatsala.